Funsani Malume: Mfuti ya mpweya ikamakana masilagi

Makalata a mwezi uno adzadza ndi mfuti za mpweya zikuluzikulu, zija za .30, .357, .457 mpaka .50, zodzaza mpweya m'silinda, zimene amazitcha PCP (manambalawo ndi kukula kwa chipolopolo poyeza ndi inchi). Ndasankhapo asanu. Ambiri munafunsa zofanana, ndiye amene simuona kalata yanu musanyinyirike, yankho lanu lili momwemu.

FUNSO: Malume, ndili ndi PCP ya .357. Ndikaika mapeleti a kampani ya JSB olemera 81 grain (magalamu 5.25), pa mamita 50 mabowo asanu amachita kugundana. Ndinagula masilagi poti aliyense akuwatama kuti amafika patali, koma akungomwazikana pepala lonse, ndipo ena akuboola cham'mbali, bowo lake lalitali osati lozungulira. Kodi mfuti yanga yawonongeka? Ndine mnyamata wokhumudwa.

YANKHO: Mphwanga, mfuti yogundanitsa mapeleti asanu pa mamita 50 ilibe mlandu. Bowo lalitalilo likukuuza kuti silagi ikufika pa pepala ikugubuduzika, mutu suli patsogolo.

Tenga peleti imodzi ndi silagi imodzi uziike pa chikhatho. Peleti ili ndi mutu wolemera, chiuno chowonda, ndi kasiketi kokhala ndi mphako kumbuyo. Mpweya ukawomba, kasiketiko kamafufuma n'kugwira mizere ya m'kati mwa mpope, ndiye ngakhale peleti itachepa pang'ono imadzitsekera yokha. Ikatuluka, mphepo imakoka kasiketi kumbuyo, mutu n'kumatsogola. Kuipa kwake n'koti kukoka komweko kumaidyera liwiro msanga, ndipo mphepo ya m'mbali imaikankha mosavuta. Silagi ndi ina. Thupi lake ndi lowongoka, lalitali, lopanda chiuno, ndipo chimene chimaiimika n'kuzungulira basi, ngati nguli. Kuzungulirako kukachepa, imayamba kudzandira kenaka n'kugwa.

Kuzungulira kumachokera ku mizere ya mumpope ija, pamodzi ndi liwiro. Opanga amalemba manambala monga 1:16 kapena 1:26, kutanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi chikayenda mainchesi 16 kapena 26. Nambala yachiwiriyo ikachepa ndiye kuti kuzungulira kwachuluka. Silagi yaitali imafuna kuzungulira kwambiri kuposa yaifupi, ndipo chimene chimavuta kwenikweni ndi kutalikako, kulemera kumangotsatira. Ndikukayikira kuti unagula masilagi aatali olemera poganiza kuti ndi amene ali ndi nyonga, pomwe mpope wako anaupangira mapeleti. Kulemerako kwatsitsanso liwiro, kuzungulira n'kuchepera pomwepo.

Palinso nkhani ya choke. Mipope yambiri ya mapeleti imathina pang'ono chakukamwa, masentimita ochepa omalizira. Peleti imakhudza mpope malo awiri okha, kumutu ndi kusiketi, ndiye kuthinako kumaikomera. Silagi imakhudza ndi thupi lonse, ndipo choke yothina kwambiri imaifinya, imaichedwetsa, n'kutsala ndi mtovu wopaka m'mizere. Sindikunena kuti mpope uliwonse wa choke umakana masilagi. Ilipo imene imawaombera bwino ndithu. Koma uyenera kudziwa chimene chili mumpope wako.

Njira yake nayi. Tulutsa mpweya wonse, chotsa mpope ngati mfuti yako imalola, lowetsa silagi kumene chipolopolo chimalowera, n'kuikankha pang'onopang'ono ndi kandodo ka mtengo kapena ka mkuwa mpaka itulukire kukamwa. Chitsulo cholimba ayi, chikanda mizere. Dzanja lako limva lokha pamene pakhwepa ndi pamene pathina. Ikatuluka, iyang'ane pa kuwala. Mizere ikhale itadinda bwino mbali zonse. Ngati yangokanda pang'ono, silagiyo ndi yaying'ono, mpweya ukumadutsa m'mbali ndipo mizere sikuigwira mokwanira. Ngati unachita kutuluka thukuta poikankha, ndi yaikulu. N'chifukwa chake masilagi a mfuti ya .357 amawagulitsa a .356, .357 ndi .358. Kusiyana kwake ndi 0.001 ya inchi, pafupifupi 0.025 ya milimita, koti diso silingaone, koma pepala limaona.

Usagulenso bokosi lalikulu. Gula ochepaochepa a mitundu ingapo, uyambe ndi aafupi opepuka. Mtundu umene mpope wako waukonda, ndi womwewo, ngakhale anzako aunyoze.

Ndikuuzenso maganizo anga. Ngati kuwombera kwako kumathera pa mamita 50 kapena 60, khala ndi mapeleti ako. Silagi imasunga liwiro ndipo imalimbana ndi mphepo, nambala yake ya BC, yosonyeza mmene chipolopolo chimapyolera mpweya osataya liwiro, nthawi zambiri imaposa ya peleti kawiri kapena kupitirira, koma phindu limenelo umayamba kuliona bwino chakumamita 80, 100 ndi kupitirira. Pafupi apa ungowononga mpweya wambiri ndi mtovu wambiri kuti upeze chimene uli nacho kale.

FUNSO: Malume, ndinakhwimitsa sipiring'i ya hamala mpaka kumapeto kuti mfuti ikhale ndi mphamvu. Tsopano ikulira kwambiri, mpweya ukutha msanga, koma pa chandamale sindikuona kusintha. Mfuti yanga ili ndi reguleta, kachipangizo kaja kopereka mpweya wa mphamvu yofanana pa kuombera kulikonse. Ndalakwitsa pati? Ndine wongoyamba kumene.

YANKHO: Walakwitsa potchuna ndi khutu, mphwanga. Phokoso limanamiza. Ambiri amati mfuti ikalira kwambiri ndiye kuti yakwiya, pomwe kuliraku ndi mpweya wako ukutayika.

Ukakoka thiriga, hamala imamenya valavu, valavu imatseguka kwa kamphindi kosafika n'kuphethira komwe, mpweya n'kukankha chipolopolo. Mpweya wotsala kumbuyo ndi umene umaitsekanso valavuyo. Ukakhwimitsa sipiring'i, valavu imatseguka nthawi yotalikirapo, liwiro n'kukwera. Koma zili ndi polekezera. Chipolopolo chikapita kale kutali mumpope, mpweya wobwera mochedwa sungachipezenso. Umangotuluka pambuyo pake n'kupanga chiphokoso, ndipo nthawi zina umachikankha chikangotuluka kukamwa, n'kuchisokoneza.

Popanda chronograph, makina oyezera liwiro aja, palibe chimene ungatchune. Kaya ndi yoona chipolopolo ndi kuwala, kaya ya radar monga za LabRadar, FX kapena Garmin, bola ikhalepo, ngakhale yobwereka. Masula sipiring'i ibwerere pansi. Ombera katatu, lemba. Khwimitsa theka la kuzungulira, ombera katatu, lemba. Tiyerekeze kuti manambala ako, pa mamita pa sekondi, akuyenda motere: 240, 255, 268, 276, 280, 281, 281. Waona kuti poyamba akudumpha kwambiri, kenaka akukwawa, kenaka aima. Pa 281 ndi pamene reguleta yako, momwe ilili, yafika pamapeto. Iwe pano uli kutsogolo kwa pamenepo, mwina ndi kuzungulira kuwiri kapena kutatu kwa chabe.

Bwerera m'mbuyo mpaka liwiro litsike ndi 3 mpaka 5 pa 100 iliyonse. Pa chitsanzo chathuchi ndi pakati pa 267 ndi 273. Pamenepo mfuti imalira mwaulemu, kudzaza kumodzi kumakupatsa zipolopolo zambiri, ndipo liwiro silisinthasintha. Usatsikenso kwambiri. Ukapita pansi, kumene manambala amadumpha kuja, kasinthidwe kakang'ono ka mamenyedwe a hamala kamasanduka kusiyana kwakukulu kwa liwiro. Chizindikiro china cha hamala yofooka n'choti mpweya wa m'silinda ukatsika kupitirira pamene reguleta inaikidwa, liwiro limayamba lakwera m'malo motsika.

Ngati 270 sakukukwanira, chosintha ndi reguleta, osati sipiring'i yokha. Kweza pang'ono, 5 kapena 10 bar (muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), n'kuyambiranso kufufuza pamene manambala aimira. Koma potsitsa samala. Mfuti zambiri zimafuna utulutse kaye mpweya usanatsitse reguleta, apo ayi uwononga pamene imatsekera. Werenga kabuku ka mfuti yako pa mfundo imeneyi.

Ndipo liwiro lalikululi ukulifunira chiyani? Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi kukafunda madigiri 20. Peleti ikayandikira pamenepo imayamba kugwedezeka, ndipo mapeleti ambiri amaombera bwino pakati pa 260 ndi 290. Masilagi amapirirako pamwamba pang'ono. Ndaonapo anthu akunyadira 320 pa chronograph, pepala lawo lili mbwee.

A mfuti zopanda reguleta, monga AirForce Texan imene inatuluka mu 2015, kapena Benjamin Bulldog, nkhani yanu ndi ina pang'ono. Silinda ikadzadza kwambiri, mpweya umakanikiza valavu mwamphamvu moti hamala imavutika kuitsegula, ndiye zipolopolo zoyamba zimatuluka mochedwa. Mpweya ukatsikako liwiro limakwera, limakhazikika pang'ono, kenaka n'kuyamba kugwa. Dzazani mpaka pamene opanga analoleza, omberani mpaka liwiro litagwa, mukulemba geji ndi liwiro pa chipolopolo chilichonse. Mukapeza kuti zabwino zimayambira pa 190 bar, muzidzaza 190, osati 200. Kupyoza muyezo sikuwonjezera mphamvu, valavu imatha kukana kutseguka n'komwe. Ndipo pa .457 kapena .50, kuombera kwabwino katatu kapena kasanu pa kudzaza kumodzi si chachilendo, musaganize kuti yabooka.

FUNSO: Malume, ndimawotcherera zitsulo ndipo ndili ndi silinda ya okosijeni nthawi zonse. Pampu ya manja ikunditopetsa. Kodi sindingamadzaze mfuti ndi okosijeniyo? Ndine wa ntchito za zitsulo.

YANKHO: Ayi, achimwene. Musayese ngakhale kamodzi. Inu nomwe mukudziwa chifukwa chake simupaka mafuta pa geji ya okosijeni. M'mfuti muli girizi ndi timalabala, ndipo okosijeni wopanikizika pa 200 bar akakumana nazo zimayaka zokha popanda machesi. Silinda imeneyo imakhala m'manja mwanu, pafupi ndi nkhope. Chololedwa ndi mpweya wamba wouma kapena nayitirojeni.

Pa chifukwa chomwechi, oyilo wa galimoto ndi mafuta opopera omasulira zadzimbiri asafike kumene kumadutsa mpweya wopanikizika. Pa timalabala pakani girizi wa silikoni, pang'ono chabe. Pampu ikakutopetsani, pezani kompuresa yopangira ntchito imeneyi, yokhala ndi sefa yochotsa chinyezi, poti madzi akalowa m'silinda amaidya m'kati inu osaona. Dzazani pang'onopang'ono. Mpweya wolowa mwaphuma umatentha, geji n'kuonetsa 250 bar, ukazizira mupeza yatsika. Dikirani uzizire muwonjezere, koma osapyola nambala yodindidwa pa silinda pofuna kuutsogolera. Mukagula thanki ya carbon fibre yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani deti lake. Ku United States matanki ambiri otere amayezedwa zaka 5 zilizonse ndipo amapumitsidwa akakwana zaka 15.

FUNSO: Malume, ndimaombera chandamale ndi .30. Ndikuyesa mitundu inayi ya zipolopolo. Tsiku lina mtundu umodzi unandipatsa mabowo atatu okhudzana, ndinasangalala. Mawa lake mtundu womwewo unamwazikana, wina n'kuchita bwino. Ndikhulupirire ziti? Ndine mayi wokonda chandamale.

YANKHO: Mayi, musakhulupirire zonse ziwiri. Zipolopolo zitatu zimatha kugundana mwamwayi, ngakhale za mtundu woipa. Omberani khumi pa chandamale chimodzi, kapena magulu asanu a zipolopolo zisanuzisanu, ndipo chija chothawira kumbali chija musachichotse powerengera, pokhapokha mukudziwa ndithu kuti munagwedeza ndinu. Yezani kuchokera pakati pa bowo lina kufika pakati pa lina lotalikirana nalo kwambiri. Kuti muziyerekeza mitunda yosiyana, gwiritsani MOA. MOA imodzi ndi pafupifupi mamilimita 29 pa mamita 100, ndiye kuti 14.5 pa mamita 50. Mfuti yosunga zipolopolo khumi m'kati mwa MOA imodzi ndi theka pa mamita 100 ndi yoti muigwiritsitse.

Yambani pafupi, pa mamita 25 kapena 30, kungoti muchotse mitundu yoipiratu. Yotsalayo ipite pa 50, kenaka 100. Pali zipolopolo zimene zimaoneka zaulemu pa 50 koma zikafika pa 80 zimayamba kuyenda mozungulira, ndiye kuyesa pafupi pokha sikukuuzani zonse.

Chimene ndikuganiza kuti chinakuchitikirani n'choti zinthu zingapo zinasintha nthawi imodzi inu osazilemba. Mpope umazolowera mtovu umene wadutsamo. Opanga osiyana amasakaniza mtovu wawo mosiyana, wina wofewa wina wolimbirapo, ena opaka mafuta ena ayi. Mukasintha mtundu, pukutani mpope ndi kansalu kokokedwa ndi chingwe kuchokera kumbuyo kupita kukamwa, n'kuombera 10 mpaka 20 musanayambe kuwerengera. Muziyamba gulu lililonse geji ili pamodzimodzi. Mfuti igone pa matumba a mchenga malo omwewo, silinda kapena mpope zisakhudze chinthu cholimba. Onaninso masikuluwu a sikopu, galasi lija loyang'anira chandamale. Mfuti zikuluzikuluzi zimakankha phewa ndithu, ndipo sikuluwu yokhwepa yanamizirapo zipolopolo zambiri zosalakwa.

Mangani timaliboni pa timitengo, kamodzi pafupi ndi inu, kena pakati, kena pafupi ndi chandamale, muziombera tikaima mofanana. M'mamawa ndi madzulo mphepo imakonda kugona. Ngati ikusinthasintha, ikani mapepala anayi n'kumaombera mosinthana, kuti pasakhale mtundu umene walandira mphepo yabwino wokha. Izi zimasemphana pang'ono ndi zozoloweza mpope zija, ndiye ine ndimazichita pokhapokha mitundu ikakhala ya wopanga mmodzi, yongosiyana kulemera.

Pepala lokha limanena kumene kuli vuto. Mabowo akandandalika kuchoka pamwamba kupita pansi, kayikirani liwiro, ndipo chronograph ikuuzani. Kusiyana kwa chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri kukakhala mamita 3 pa sekondi pa liwiro la 280, zili bwino. Kukafika 10, pa mamita 100 muona. Akandandalika cham'mbali, ndi mphepo kapena mwapendeketsa mfuti. Akamwazikana mbali zonse liwiro lili bwino, mpope sukuchifuna chipolopolocho, kapena zipolopolozo n'zopunduka. Muzizisankha ndi maso. Peleti ya siketi yopindika ndi silagi yokumbika kunsi ziikeni pambali, zikhale zozolowezera mpope.

China chimene ambiri sachidziwa n'choti mpope umanjenjemera mfuti ikalira, ndipo chipolopolo chimatuluka kunjenjemerako kuli pakati. Kukweza kapena kutsitsa liwiro ndi mamita 3 mpaka 5 pa sekondi kumatha kusonkhanitsa mabowo amene anali omwazikana. Choncho mtundu umene wachita bwinoko musautaye msanga, uyeseni pa maliwiro atatu kapena anayi. Koma sinthani chinthu chimodzi basi, n'kulemba m'kope: tsiku, mtundu, kulemera, geji, liwiro, mphepo, kukula kwa gulu. Mukasintha reguleta, sipiring'i ndi chipolopolo tsiku limodzi, zikakoma simudziwa chimene chakometsa.

Ndipo mukakoka thiriga musadzutse mutu msanga. Chipolopolo cha mfuti ya mpweya chimakhalitsa mumpope kuposa cha mfuti ya wonga, ndiye kufulumira kusuzumira chandamale kumachipatutsa chisanatuluke.

FUNSO: Malume, mwana wanga wagula mfuti ya mpweya ya .457. Akuti poti ilibe wonga si yoopsa, ndipo akuyesera kuseri kwa nyumba, chandamale atakhoma pa thabwa. Ine mtima sukukhazikika. Kodi ndikungodandaula chabe? Ndine kholo.

YANKHO: Bambo, mtima wanu ukunena zoona, ndipo mumuletse lero lomwe. Tiyeni tiwerengere limodzi, kuti mukamamuuza mukhale ndi manambala. Mphamvu ya chipolopolo timaipeza potenga theka la kulemera kwake mu makilogalamu, kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Kamfuti kakang'ono ka .177 kamene inu mukukadziwa kamaponya peleti ya magalamu 0.54 pa mamita 240 pa sekondi, ndiye kuti ma joule 16 osakwana. Peleti ya .357 ya magalamu 5.25 pa 274 imapereka ma joule 197. Silagi ya magalamu 9.4 pa 240 imapereka 270, kuposa zipolopolo zambiri za mfuti ya wonga ya .22 LR. Ya mwana wanuyo, ikakhala ndi silagi yolemera, imatha kupitirira ma joule 600. Anthu amasakira nyama zikuluzikulu mfuti zimenezi kumene malamulo amalola.

Si zachilendonso. Cha m'ma 1780 asilikali a dziko la Austria anayamba kunyamula mfuti ya mpweya yopangidwa ndi Bartolomeo Girardoni, ya .46, yolowa zipolopolo pafupifupi 20 nthawi imodzi, ndipo ankapita nayo ku nkhondo. Lewis ndi Clark, ofufuza malo a ku America, nawonso anali ndi mfuti ya mpweya pa ulendo wawo wodutsa America kuyambira 1804 mpaka 1806. Maboma amadziwa zimenezi. Ku Britain mfuti ya mpweya yopitirira 12 foot-pounds, pafupifupi ma joule 16, imafuna chiphaso cha mfuti, ndipo ku Germany malire ake ndi ma joule 7.5. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye mwana wanu akafunse kwa apolisi za chilolezo asanaiomberenso.

Thabwa silingaimitse silagi yotere. Imaboola n'kupitirira, ndipo ikaphonya imauluka mamita mazanamazana ili ndi mphamvu yopha munthu. Ikamenya mwala, khoma la simenti kapena madzi imanjanja n'kulowera kumene palibe angadziwe. Poyesera pake ndi kumalo oombera ovomerezeka, kapena pamalo otakasuka pamene kuseri kwa chandamale kuli mulu waukulu wa dothi kapena mchenga wopanda miyala, ndipo kuseri kwa muluwo kulibe njira ngakhale nyumba. Avale magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu, poti .457 imalira ngati mfuti ina iliyonse. Akagwira mtovu asambe m'manja asanadye, ndipo zipolopolo zisakhale pofikira ana, amaika kukamwa.

Mumuuzenso kuti kuchotsa silinda sikutanthauza kuti mfuti singaomberenso. Pa mfuti zina mpweya umatsalira mu plenum, kachipinda kamene kali pakati pa reguleta ndi valavu, wokwanira kuponya chipolopolo chimodzi. Asanaisunge achotse magazini, atsimikize kuti mumpope mulibe kanthu, aombere chopanda kanthu mu mulu wa dothi uja ngati kabuku kake kakuloleza, kenaka aikiyire.